Dzina Linapita Kunkhondo

"Bedi ili silituluka muno ine ndili moyo," anatero mayi a m'nyumba, atakhala pabedipo, manja atapinda.

"Mayi, tadzukani. Ndikufuna kuyeza khoma."

"Yezani. Khoma silikuthawa."

A Sajeni anaima pakati pa chipindacho, tepi m'manja, pensulo kukhutu. Usajeni wawo sunali wa kunkhondo ayi. Bambowa ankagulitsa zitsulo za njinga pamsika, ndipo mfuti anangoionapo paphewa pa mlonda wa kubanki. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo chifukwa cha agogo awo, amene kachithunzi kawo kankalendewera pabalaza, pamwamba penipeni pafupi ndi denga. Agogowo anthu ankati anali msilikali, sajeni wa gulu loyenda pansi pankhondo yaikulu ija. Munthu akabwera kudzagula sipoko imodzi yokha, ankachoka atamva mbiri ya agogo mpaka tayala lake litaphwanso.

Tsono mwana wawo wamkazi wa kutauni anachita kuthira mafuta pamoto. Anawalowetsa m'gulu la pafoni la zidzukulu za asilikali a gulu lija, ndipo kumeneko anamva kuti mayi wina wofufuza mbiri akuyenda m'makomo, kufunsa ndi kujambula, ndipo afika kwawo mwezi ukamatha. Chimvereni zimenezo, a Sajeni ankafuna chinthu chimodzi basi: chipinda cha chikumbutso. Vuto linali lakuti chipinda chimene anachisankha munkagona azakhali.

"Nanga azakhali azigona kuti?" anafunsa mayi.

"Kuseri kuli kanyumba ka matayala kaja. Ndikakonza."

"Kodontha kaja?"

"Kamadontha mbali imodzi yokha."

"Ndiye azakhali azigona chammbali mpaka dzinja lithe?"

"Mayi, musandiseke. Alendo akubwera. Kodi mukufuna adzaone jombo za msilikali zili pansi pa bedi lathu limodzi ndi mapoto akutha? Komanso tinene zoona," apa a Sajeni anatsitsa mawu, "azakhaliwa ndi azakhali a pakamwa chabe. Si magazi athu. Bambo awo anali m'busa wa ng'ombe pakhomo pa agogo. Tawasunga mokwanira."

"Mwawasunga inu? Anakuberekani kumsana ndani pamene amayi anu ankadwala? Mamina anu ankapukuta ndani? Lero mwamera imvi mwayamba kuwerenga magazi?"

Kutsitsa mawu kuja kunali kungotaya nthawi. Azakhali anali pakhonde akusoka chigamba, ndipo ngakhale maso ndi mawondo zinali zitawathawa, makutu awo anali asanapume pantchito. Anali makutu aakulu, otambalala, oturukira kunja kwa mpango ngati zogwirira za poto. A Sajeni ali khanda kumsana ankagwira omwewo poopa kugwa.

A Sajeni anasuzumira pawindo. "Azakhali, tawauzani mayiwa. Kodi agogo anga anali munthu wamba?"

Azakhali analuma ulusi. "Dzina lawo linapita kunkhondo, bambo."

"Mwamva! Dzina lawo linapita kunkhondo! Si dzina lokhala pakhomo ngati la anthu ena."

Mawu amenewo a Sajeni anakula nawo. Azakhali ankawanena nthawi zonse akafunsidwa za agogo, osawonjeza, osachotsa, ndipo a Sajeni ankawamva kukoma ngati nyimbo. Tsiku lomwelo anakauza wolemba zikwangwani kuti awalembe pathabwa, zilembo zikuluzikulu, loti akhome pamwamba pa chitseko.

Sabata yoyamba inatha ndi kufukula. Anakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi, natulutsa jekete lankhondo lodyedwa ndi njenjete, lamba, kapu yachitsulo, mendulo ndi jombo ziwiri zouma gwa. Agogowo a Sajeni sankawakumbukira bwino, popeza anamwalira iwo akukwawa. Chimene ankadziwa ndi chimene aliyense ankanena: ankatsimphina mwendo wakumanzere, ndipo kutsimphinako kunali kwa chipolopolo.

Anati ayeseko zovalazo. Jekete linawafika m'mawondo, manja ake n'kumalendewera ngati akufuna kupempha kanthu. M'jombo imodzi mukanalowa mapazi awo onse awiri n'kutsalanso malo a mphaka.

Mayi anaseka mpaka kugwira khoma. "Bambo, apongozi anga anali aafupi. Inu ndinu aafupi. Mwana wathu amakwera pampando kuti atsitse mchere pashelefu. Chimphona ichi chinachokera kuti?"

"Kuguba kumatalikitsa munthu."

"Nanga mapazi?"

"Asilikali oyenda pansi, mayi. Mukuganiza kuti munthu angayende dziko lonse mapazi osakula?"

"Ndiye atabwerera anafotanso?"

A Sajeni anavula jekete mwaulemu, nalipachika pahang'ala, n'kunena kuti anthu osadziwa mbiri ndi ovuta kukhala nawo.

Lachiwiri la sabata yotsatira mayi anapita kukaona mchemwali wawo wodwala, ndipo a Sajeni anaona kuti mpata ndi womwewo. Anasanja matayala mbali imodzi ya kanyumba kaja, nasesa ndowe za makoswe, nayika beseni pamene pankadontha. Kenako anapita kwa azakhali akukanda kumutu, nawauza kuti asamukire kukanyumbako. Kunena zoona anali ndi manyazi, koma manyaziwo anali aafupi kuposa thabwa lija.

Azakhali sanavute. Anapinda zofunda zawo okha, natenga kasutikesi kawo ndi ndodo.

"Chithunzi chija chidzakhala muno?" anafunsa ali pakhomo.

"Muno, azakhali. Chachikulu, cha mufelemu yatsopano."

"Basi, zili bwino. M'modzi wa ife agone pabwino."

A Sajeni anaganiza kuti ndi nkhani za ukalamba, ndipo anangoti zikomo.

Mayi atabwerera n'kupeza zachitika, sanalalate. Anachita choposa kulalata. Tiyi ankayamba kupereka kuseri, n'kukhala komweko mpaka atazizira wa abambo. Akawaitana ankayankha kuti, "Wawa, akuluakulu a nkhondo," ndipo zofunda zabwino zonse za m'nyumba zinasamukira kukanyumba ka matayala. Mvula inagwa kawiri sabata imeneyo, ndipo azakhali anayamba kakhosomo kouma kamene kankamveka mpaka pabalaza.

A Sajeni anachita ngati sakumva. Anakwera basi kupita kutauni, kachithunzi kali m'thumba la malaya. Anayamba ku ofesi yosunga mbiri ya asilikali akale, kumene anadikira pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi. Kalaliki wa kumeneko anafufuza pakompyuta, ndipo dzina la agogo linapezeka, m'gulu lomwelo la oyenda pansi. A Sajeni anaimirira, chifuwa patsogolo.

"Sajeni, eti?"

"Ayi, bambo. Msilikali wamba."

"Taonaninso bwino."

"Ndaona. Wamba."

"Makina anuwa ndi a dzulodzuloli," anatero a Sajeni akutenga chipewa chawo. "Nkhondo sanaione."

Anatuluka mtima ukuwawa pang'ono, koma anadzitonthoza kuti dzina lilipo, ndipo za maudindo ndi nsanje za akuluakulu a nthawi imeneyo. Anawoloka msewu kulowa kwa wojambula zithunzi. Kachithunziko kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi, kofiirira, nkhope yosaoneka bwino pansi pa chipewa. Wojambulayo anakaika pamakina ake, nayamba kukakuza ndi kukayeretsa pakompyuta, a Sajeni ataima kumbuyo kwake akumufotokozera za chipolopolo.

Nkhope inayamba kutuluka pang'onopang'ono. Chipumi. Maso akuya. Khosi lalitali. Kenako, uku ndi uku kwa chipewa, kunatuluka zinthu ziwiri zimene a Sajeni zaka zonsezi ankaziyesa mthunzi wa chipewacho.

"Koma agogo anuwa," anaseka wojambula, "adani ankawamva akadali kuseri kwa phiri."

Nkhani ya chipolopolo inathera pakamwa. A Sajeni anawerama, nayang'anitsitsa. Makutu amenewo ankawadziwa. Manja awo ankawadziwa kuposa maso. Ngakhale kakupindika ka pamwamba pa khutu lakumanja kanali komweko.

"Makina anu akulitsa makutu."

"Ndakulitsa zonse mofanana, bambo. Mphuno ndi iyi, sinadandaule."

"Achepetseni."

"Ndingathe. Ndi kanthawi kochepa. Ndiwapange ngati anuwo?"

A Sajeni anagwira khutu lawo. Linali laling'ono, lomata kumutu, ngati la bambo awo, ngati la mwana wawo. Anaganiza za mayi wofufuza mbiri, za gulu la pafoni, za anzawo a pamsika amene akhala akuwatopetsa ndi mbiri ya agogo. Wojambula anali atagwira kale kambewa ka kompyuta, akudikira. Ndiye m'mutu mwawo munabwera jekete lofika m'mawondo, jombo za chimphona, ndi kakhosomo kouma kochokera kuseri kwa nyumba.

"Asiyeni," anatero motsitsa. "Asiyeni mmene alili."

Ulendo wobwerera unali wautali. Anakhala pampando wakumbuyo atakumbatira felemu yokutidwa ndi pepala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anakhala pafupi ndi mlendo osamuuza kuti ndi mdzukulu wa msilikali.

Anafika masana kukuwaza mvula. Sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri, nagogoda pakanyumba ka matayala ngati mlendo. Azakhali anali pabedi atafunda bulangete la mayi, madzi akugwera m'beseni, tho, tho. Munkanunkha mphira ndi chinyontho. A Sajeni anakhala patayala, nang'amba pepala, natembenuza chithunzicho.

Azakhali anachiyang'ana nthawi yaitali. Anasendera pafupi, chifukwa cha maso aja. Kenako anatambasula dzanja, napukuta galasi ndi nsonga ya bulangete, ngakhale panalibe fumbi.

"Anenepa," anatero. "Pakhoma paja ankaoneka owonda."

"Azakhali, uyu ndani?"

"Mwafunsa kuti chiyani?"

"Ndati munthu uyu ndani?"

"Ohoo. Lero mwafunsa za munthu. Masiku onse mumafunsa za agogo anu." Anakhosomola, nakonza mpango. "Awa ndi bambo anga."

Madzi anapitiriza kugwera m'beseni.

"Koma inu nomwe mumati dzina la agogo linapita kunkhondo."

"Nanga silinapite? Linapita. Linakwera sitima, linaguba, linagona m'matope. Eni ake ndi amene anatsala."

"Anatsala kuti?"

"M'denga la khola la mbuzi."

"Azakhali!"

"Mwafunsa nokha. Olemba asilikali atafika, ankafuna mnyamata pakhomo lililonse, ndipo pano anatchula agogo anu. Bambo awo, eni ng'ombe, anati mwana wanga yekhayu sapita. Anamukweza m'denga la khola, n'kuitana m'busa wawo. Anamuuza kuti, akaitana dzina la mwana wanga, iwe uziti ndilipo. Bambo anga akanakana bwanji? Ankadya pakhomo pano, amayi anga ali ndi pakati pa ine. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti mwana wobadwayo asadzasowe denga. Eni ng'ombe analumbira pamaso pa anthu a m'nyumba kuti mwana ameneyo adzagona m'nyumba ya banja lino mpaka imfa."

Azakhali anakweza maso kuyang'ana malata obooka. A Sajeni akanakonda azakhaliwo akanangowatukwana.

"Nanga chipolopolo? Kutsimphina kuja?"

"Denga linagwa nawo. Olemba asilikali atangochoka, agogo anu anati atsike mothamanga. Anagwera pa tonde. Tondeyo ndiye anafa pankhondo imeneyo."

A Sajeni anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Bambo anga anabwerako ndi chifuwa," anapitiriza azakhali, mawu atafewa. "Mendulo, jekete, chithunzi, zonse zinali m'dzina la eni, ndiye zinalowa m'nyumba yaikulu. Iwo anabwerera kung'ombe. Ankandigubitsa kuseri kwa khola, ine ndi kamtengo paphewa, iwo akuitana lefuti, laiti, mpaka chifuwa chiwagwire. Anamwalira ndisanathe kusenza ndowa. Anthu amene ankadziwa anatha m'modzim'modzi, ndipo ana anakula akuona chithunzi pakhoma ndi munthu wotsimphina pampando. Anangolumikiza okha. Agogo anu sananame, koma sanakanenso. Usajeni anawonjezera ndi bambo anu atamwa."

"Bwanji simunanene zaka zonsezi?"

Apa azakhali anawayang'ana mmene ankawayang'anira kale akaba shuga, ndipo ulemu wa "bambo" unagwa.

"Iwe, ndinkakuuza tsiku lililonse. Iwe n'kumaomba m'manja. Ndikanati ndinene zonse, ndikanakhala mwana wa wantchito wolanda ulemu wa eni nyumba. Ndikanapita kuti? Ndinati bola ndizipukuta nkhope ya bambo anga Loweruka lililonse. Ndinkakwera pampando. Mawondo atakana, ndinayamba kungowapatsa moni ndili pansi, osawaona."

A Sajeni analira. Analira ngati mwana amene anali kumsana uja, mapewa akugwedezeka, atakhala patayala lakutha. Chisoni ndi manyazi zinawagwira pamodzi, ndipo sanadziwe choyamba kupepesa: chipinda, chithunzi, kapena mawu aja akuti azakhali a pakamwa.

"Basi, basi," anatero azakhali. "Denga likudontha kale, usawonjezere."

Mayi anali ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi, ndipo palibe anadziwa kuti anafika nthawi yanji. Anayang'ana chithunzi, nayang'ana azakhali, nayang'ana amuna awo.

"Ndiye kuguba sikutalikitsa munthu?" anafunsa, koma maso awo anali atanyowa.

Bedi linabwerera madzulo omwewo. A Sajeni anakana thandizo. Analisenza okha pamutu, miyendo yawo yaifupi ikunjenjemera, nagunda nalo chitseko kawiri, mayi akuwaitanira lefuti, laiti kuchokera pakhonde. M'mawa mwake anapita ndi azakhali kuchipatala panjinga, akuyendetsa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Thabwa lija litabwera kuchokera kwa wolemba zikwangwani, anafuna kuliwaza nkhuni, koma mayi analilanda.

"Ayi. Likhomeni. Ndi mawu okhawo oona amene mwakhala mukunena pankhaniyi."

Chovuta chinali pamsika. A Sajeni anakhala masiku angapo akugulitsa masipoko mwakachetechete, mpaka makasitomala anayamba kufunsa ngati akudwala. Kenako anayamba kufotokoza nkhani yatsopano, ya m'busa wa ng'ombe, ndipo inali yaitali kuposa yoyamba ija. Za tonde ankazidumpha, koma mayi ankaonetsetsa kuti zafika kwa aliyense.

Tsiku la alendo, chipinda cha chikumbutso chinalipo ndithu. Jekete linali pahang'ala, jombo zopakidwa polishi zili pansi pake, mendulo ndi kapu zili patebulo. Bedi linali pamalo pake, ndipo azakhali anakhala pamenepo atavala diresi lawo la kutchalitchi. Chithunzi sanachikweze pafupi ndi denga. A Sajeni anachikhoma m'munsi, pambali pa pilo, pamene munthu wogona angachifikire ndi dzanja.

Mayi wofufuza mbiri anafika ndi kamera ndi kachikwama. Anawerenga thabwa la pachitseko, nagwedeza mutu mokhutira.

"Ndinu a Sajeni? Mdzukulu wa msilikali?"

"Ine ndine mdzukulu wa dzina," anatero a Sajeni. "Mwana wa msilikali ndi awa." Anapatuka pakhomo, naima njo, mimba patsogolo, dzanja pachipumi. Kenako anatembenukira kwa azakhali. "Ndipo la Sajenili ndilisiya. Ndawauza kale anzanga."

"Lisunge, mwananga," anatero azakhali. "Pakhomo pano mayina obwereka sitinayambe lero."

Mlendoyo sanamvetse, koma anaseka nawo. Anakhala pampando, nayang'ana chithunzi, nayang'ana nkhalambayo, ndipo sanafunenso umboni wina. Anatulutsa cholembera.

"Tiyambe ndi dzina, agogo. Osati limene anapita nalo. Iwowo ankatchedwa ndani?"

A Sajeni anatsegula pakamwa mwachizolowezi, mayi a m'nyumba n'kuwaponda phazi. Azakhali anamasula mpango pang'onopang'ono, naupinda pamiyendo, makutu aja n'kuima poyera pambali pa anzawo a mufelemu.

"Funso limenelo palibe anandifunsapo," anatero. "Pakhomo pano ankangowaitana kuti Makutu. Makutu, ng'ombe zalowa m'munda. Makutu, katunge madzi."

Anagwira galasi la chithunzicho ndi zala ziwiri.

"Ine ndinkati ababa. Yambani kulemba limenelo."